Galu wamkota sakandira pachabe

Nthawi inali itangokwana 4 koloko m'bandakucha pamene ndinafika pakhomo pa mlenje wina kunja kwa tauni ya Roseburg, m'chigawo cha Oregon ku America. Unali mwezi wa Okutobala. Kunkawaza kamvula konga ka chiperoni, koma kuzizira kwake kunali kolowa m'mafupa. Ndisanazimitse n'komwe injini, agalu anali atandimva kale. Kulira kwawo sikunali kwa agalu olondera pakhomo. Awa ankakoka mawu, wina ngati lipenga, wina mosasa, mpaka mwini wawo anatuluka ndi tochi pamphumi n'kunena liwu limodzi lokha. Onse zii.

"Mwachita bwino kulawira," anatero bambowo akundigwira chanza. "Mphaka sadikira munthu wokonda bulangeti."

Bambowa ndi azaka za m'ma 70, ndipo moyo wawo wonse anagwira ntchito yogwetsa mitengo m'mapiri a kumadzulo kwa tauniyi. Ndinawadziwa kudzera mwa mwana wawo amene ndimagwira naye ntchito. Tsiku lina pa nkhomaliro mnzangayo anandiuza kuti bambo ake ali ndi galu amene amamva fungo la mphaka wam'tchire ali pamwamba pa galimoto yoyenda. Ine ndinaseka. Kumudzi kumene ndinakulira, agalu a uzimba ankatsata kalulu mphuno ili pansi, ikukhula udzu. Zoti galu angaime m'mwamba, utsi wa galimoto uli tolotolo, n'kudziwa kuti usiku wathawu padutsa kanyama, ndinaziyesa nthano za alenje. Mnzangayo sanalimbane nane. Anangoti Loweruka ndikadzionere ndekha.

Galimoto yake inali pikiapu ya Toyota yokalamba, matope mpaka m'magalasi. Kumbuyo anamangirirako bokosi la aluminiyamu la zipinda ziwiri, lokhala ndi mabowo m'mbali oti agalu azitulutsira mitu. Pamwamba pa bokosilo anayalapo kapeti yakale kuti zikhadabo zizigwira, ndipo m'mphepete munazungulira kampanda kachitsulo kolekeza m'chifuwa mwa galu. Pakati panali mphete ziwiri zokhala ndi maunyolo aafupi. Malo amenewa alenje a kuno amawatcha rig.

"Unyolo uzikhala waufupi chonchi," bambowo anandionetsa. "Ukatalika, galu akadumpha ndi chimwemwe amalendewera m'mbali mwa galimoto."

Mdzukulu wawo, mtsikana wazaka 16, ankaveka galu aliyense lamba wa m'khosi wokhala ndi kamlongoti ndi kachipangizo ka GPS ka kampani ya Garmin. Agalu anali asanu. Mayina awo achingerezi sanandikhale m'mutu, ndiye awiri amene ndinawapenyetsetsa tsiku lonse ndinawapatsa mayina anga. Wamkazi wazaka 9, waimvi pakamwa, makutu ong'ambikang'ambika ndi minga, ndinamutcha Mkota. Wamwamuna wa miyezi 14, wamiyendo italiitali, wosakhazikika ngati waponda linthumbu, ndinamutcha Phuma. Ulendo wa tsikuli unali sukulu ya Phuma.

Nyama imene tinkafuna amaitcha bobcat chifukwa cha mchira wake waufupi wonga wodulidwa. Akatswiri amati Lynx rufus. Kwa ife ndinganene kuti ili pakati pa vumbwe ndi njuzi: imaposa mphaka wapakhomo pafupifupi kawiri, zambiri zimalemera makilogalamu pakati pa 6 ndi 14, ubweya wake ndi wofiirira wamathothomathotho, ndipo kunsonga za makutu kuli timaubweya takuda. Imapezeka kuchokera kumwera kwa Canada mpaka ku Mexico. M'mapiri a kuno imadya akalulu, mbewa, agologolo ndi kanyama kokumba mauna kotchedwa mountain beaver, kamene eni minda ya mitengo amadana nako chifukwa kamadula mbande.

Agalu onsewo anali a mtundu wa Walker, oyera amawanga akuda ndi ofiira. Makolo awo ndi agalu osakira nkhandwe amene atsamunda anabwera nawo kuchokera ku England, ndipo dzinalo analitengera ku banja la Walker la ku Kentucky m'zaka za m'ma 1800. Mu 1945 bungwe la United Kennel Club linavomereza nthambi ya mtunduwu yotchedwa Treeing Walker, imene ikathamangitsa nyama n'kuikweza mumtengo imaima patsinde n'kumauwa mpaka mwini wake afike. Alenje ena amakonda mitundu ya Bluetick, Black and Tan, kapena Plott, imene inachokera ku agalu amene banja lina linabwera nawo kuchokera ku Germany mu 1750. Bambowo anati iwo amasakaniza Treeing Walker ndi abale ake othamanga kwambiri otchedwa Running Walker, chifukwa mphaka ameneyu sakwera mumtengo ngati agalu sakumupumira kumchira.

Tinatsata msewu waukulu wa I-5 kulowera kumpoto mpaka Sutherlin, n'kukhotera kumadzulo pa msewu wa 138 umene umakakumana ndi mtsinje wa Umpqua n'kutsagana nawo mpaka katauni ka Elkton. Titayenda pang'ono pa msewu wa 38 wopita ku Reedsport kunyanja ya Pacific, tinasiya tara n'kulowa msewu wa miyala wokwera phiri. Bambowo anatenga wailesi n'kulengeza kuti pikiapu ikukwera pa mailosi oyamba. M'misewu imeneyi mumatsika malole onyamula zipika, ndipo aliyense amalengeza pamene ali, chifukwa pangodya palibe malo opatukirana.

Mapiri amenewa amawatcha Coast Range. Si ataliatali, koma ndi otsetsereka zedi, ong'ambikang'ambika ndi makwawa, ndipo mvula imagwa miyezi yambiri pachaka. Mdzukulu uja anandionetsa mapu pa foni yake, ndipo ndinaona dziko looneka ngati bolodi la drafuti. Chiyambi chake n'chakale. Mu 1866 boma la America linapereka malo modumphitsadumphitsa kuti kumangidwe njanji yochokera ku Portland kukafika kumalire a California. Pangano la malowo litaphwanyidwa, boma linatenganso malo otsala mu 1916, ndipo lero akuyang'aniridwa ndi nthambi ya Bureau of Land Management. Zigawo zapakati ndi za makampani a mitengo, ndipo zambiri amatseka ndi mageti. N'chifukwa chake magetsi a galimoto ankaunika mitengo ikuluikulu ya Douglas fir yoti anthu atatu sangaikumbatire, kenaka mwadzidzidzi n'kutulukira pambalambanda pa zitsa ndi mbande zokhazokha. M'malire mwa ziwirizi ndi mmene akalulu amachuluka, ndiye mphaka nayenso sachokamo.

Ndinafunsa chifukwa chimene amavutikira kukweza galu pamwamba. Anati ku Montana kapena ku Maine, kumene chipale chofewa chimakuta nthaka miyezi ingapo, mlenje amangoyendetsa galimoto akuyang'ana mapazi. Kuno chipale sichikhalitsa. Pamsewu pali miyala, m'mbali muli masamba onyowa, phazi la mphaka silidinda. Munthu woyenda pansi ndi agalu angathe makilomita 10 tsiku lonse, pamene galimoto imadula mikwaso ya nyama pa mtunda wa makilomita 80. Maso akalephera, msewu umawerengedwa ndi mphuno.

Pamphambano ina tinaima. Mtsikana uja anatsegula bokosi n'kumenya pamwamba ndi chikhatho. Mkota anakwera mosapupuluma ngati mayi wokwera basi imene amaidziwa, n'kuima mbali yakumanja. Phuma anadumpha mpaka kutsala pang'ono kugwera mbali inayo. Anawamanga, tinatsitsa magalasi onse ngakhale kunkazizira, ndipo galimoto inayamba kukwawa pa liwiro la makilomita 15 pa ola, ngati njinga ya kabaza ikukwera mtunda. Wailesi anaichepetsa. Nkhani zonse tinayamba kukamba monong'ona.

Ndinatembenuka kuti ndiwaone pagalasi lakumbuyo. Phuma ankayang'ana chilichonse: tsamba lakugwa, kadzidzi wouluka, mthunzi wa iye mwini. Mkota sankayang'ana kanthu. Maso anali otsinzina pang'ono, khosi litatambasuka, mphuno ikunjenjemera, ikutembenukira uku ndi uku pang'onopang'ono ngati munthu wosakasaka siteshoni pa wailesi. Tikafika pamene khwawa ladutsa pansi pa msewu, bambowo ankachotsa phazi pa mafuta, ndipo Mkota ankatsamira pa kampanda kaja n'kukoka mpweya wautali.

Akatswiri amati mphuno ya galu ili ndi timaselo tomvera fungo tofika 300 miliyoni mwa agalu ena, pamene munthu ali ndi pafupifupi 6 miliyoni. Koma bambowo sanakambe za maselo. Anakamba za mphepo. Usiku mpweya wozizira umalemera, n'kumatsika m'makwawa ngati madzi, utanyamula fungo la chilichonse chimene chadutsa kumtunda. Dzuwa likatentha phiri, mpweya umatembenuka n'kuyamba kukwera. Chinyezi chimasunga fungo, mvula yamphamvu imalitsuka, chisanu chimalitsekera pansi mpaka chitasungunuka, ndipo mphepo youma yochokera kum'mawa ikaomba, anati ndi bwino kungokhala kunyumba. Fungo la chimbalangondo n'lamphamvu moti ngakhale kamwana ka galu kamalimva. Mphaka ndi waukhondo, amadzinyambita, amaponda mopepuka. Chimene amasiya ndi kafungo kochepa pa tsamba limene wakhudza ndi phewa.

"Agalu 10 angakweze mphaka mumtengo mukawaika pa mapazi ake," anatero. "Woti amuyambitse ali pamwambapa, mwina mmodzi. Enawo ndi ongovomera nyimbo."

Sitinathe mphindi 20 Phuma anaphulika. Anauwa mpaka galimoto kugwedezeka, akukoka unyolo, zikhadabo zikung'amba kapeti. Agalu atatu a m'bokosi anavomera. Mtima wanga unagunda, ndipo dzanja linali kale pachitseko. Bambowo anaimitsa galimoto, koma asanatsike anayang'ana pagalasi.

"Taonani mayiyo," anatero.

Mkota anali atatembenuzira mutu kumbali, ngati munthu wamkulu amene mwana wake wayankhula zopanda pake pamaso pa alendo.

Tinatsika ndi matochi. M'ngalande ya m'mbali mwa msewu munali mapazi a ziboda aakulu ngati chikhatho changa, madzi akulowabe m'menemo. Anali a elk, nyama yaikulu ngati ntchefu, ndipo gulu lonse linali litangodutsa kumene. Ndinkayembekeza kuti Phuma aona zakuda. Bambowo anangomugwira pa lamba, n'kumuyang'ana m'maso, n'kunena mawu amodzi okalipa. Kenaka anamumasula, n'kumutsekera m'bokosi, n'kutseka bowo la mbali yake. Phuma analira ngati wamenyedwa ndi chibonga.

"Kwa galu wotereyu palibe chilango choposa kutsitsidwa," anatero tikuyambanso ulendo. "Akufuna kukhala pamwamba kuposa kudya. Aphunzire kuti bodza limamuchotsa pamenepo."

Apa ndi pamene ndinamva mutu weniweni wa sukuluyi. Kununkhiza galu saphunzitsidwa, amabadwa nako, ndipo amene sanabadwe nako palibe mankhwala ake. Chimene mlenje amathera zaka ziwiri kapena zitatu akuphunzitsa ndi kukhala chete. M'nkhalango imeneyi muli agwape, elk, nkhandwe zotchedwa coyote, akanyimbi, anungu, zimbalangondo ndi mikango ya m'mapiri yotchedwa cougar. Zonsezi zimanunkha kuposa mphaka. Galu wa pamwamba amayenera kuzimva zonse n'kuzisiya zidutse, n'kutsegula pakamwa pa chimodzi chokha.

Anandifotokozera mmene amayambira. Kamwana ka miyezi 4 kapena 5 kamangokwera m'bokosi, ulendo waufupi, mpaka kasiye kusanza ndi kuopa injini. Kenaka kamaphunzira kubwera kakaitanidwa ndi kukwera kakauzidwa. Kakakula amakamasula pansi limodzi ndi agalu akuluakulu, kazithamanga patsogolo pa galimoto kapena kutsata mapazi amene akuluakulu ayambitsa, mpaka katafika patsinde pa mtengo kangapo n'kudziwa kuti fungo ili mapeto ake ndi chiyani. Galu amene sanaonepo mphaka mumtengo alibe chimene angafune ali pamwamba. Nthawi yomweyo amamuletsa nyama zina. Malamba a m'khosi aja amatha kulira, kunjenjemera, kapena kutulutsa mphamvu ya magetsi mlenje akadina batani. Bambowo anati magetsiwo amawagwiritsa ntchito pokhapokha ataona ndi maso awo kuti galu ali pambuyo pa gwape, chifukwa ukalanga galu amene akunena zoona, waononga ntchito ya chaka chonse. Ine batanilo silinandisangalatse, ndipo ndinawauza. Anagwedeza mutu n'kunena kuti galu wothamangitsa gwape amakathera pamsewu wa tara.

Zonsezi zikatheka ndi pamene galu amakwera pamwamba, pambali pa wamkulu. Nthawi zina akaona mphaka akudutsa msewu, sayimitsa galimoto. Amapitirira, n'kudikira mphindi 15, n'kubwerera ndi galu wamng'ono pamwamba, mphepo ikuomba kumaso kwake. Akangolira ngakhale pang'ono, amaima pomwepo n'kumumasula. Mphoto yake ndi imeneyo, si nyama kapena bisiketi.

Kunayamba kucha cha m'ma 7 koloko. Nkhungu inadzaza zigwa zonse, nsonga za mapiri zili ngati zilumba. Phuma anabwezedwa pamwamba, tsopano ali wofatsa pang'ono. Tinayenda, tinayenda. Amene akuganiza kuti uzimba umenewu ndi mpikisano wokhawokha adziwe kuti gawo lalikulu ndi kukhala m'galimoto yozizira, khofi atazirala m'kapu, ukumvetsera agalu amene sakunena kanthu. Pamalo ena okwezera zipika tinaima kuti tiongole miyendo, ndipo mtsikana uja anandionetsa ndowe zaubweya pamwamba pa mulu wa miyala. Mphaka amakonda kusiya chizindikiro pamalo oonekera ngati amenewa. Mkota ananunkhiza kamodzi n'kupita kukamwa madzi. Zinali za sabata yatha.

Pamenepo ndinafunsa za malamulo, ndipo nkhope ya bambowo inasintha. Mu 1994 anthu a ku Oregon anavotera lamulo lotchedwa Measure 18, loletsa kusaka zimbalangondo ndi cougar ndi agalu. Bobcat sanamuphatikizemo, ndiye alenje ambiri amene anali ndi agalu a zimbalangondo anatembenukira kwa iye, ndipo lero galu wa pamwamba amayenera kukhala chete ngakhale pa fungo limene makolo ake ankatamandidwa nalo. Kumpoto, ku Washington, lamulo la 1996 linaletsa agalu pa bobcat yemwe. Kumwera, California inaletsa mu 2012, ndipo pofika 2020 inaimitsa kusaka nyamayi. Ku Colorado, mu Novembala 2024, ovota anakana ganizo lofanana nalo lotchedwa Proposition 127. Nkhaniyi imagawa anthu a m'mizinda ndi a kumidzi ngati mpeni.

Otsutsa amati kuthamangitsa nyama mpaka itatopa ndi nkhanza, kaya uipha kaya ayi, kuti GPS yachotsa mwayi wa nyama wopulumuka, komanso kuti agalu amasokoneza zinyama zina ndipo iwo eni amavulala. Bambowo anayankha kuti mwa njira zonse zosakira, iyi yokha ndi imene munthu amaona nyama ili moyo, n'kudziwa ngati ndi yaikazi kapena yaing'ono, n'kuisiya. Msampha sufunsa. Nditafunsa za ndalama anaseka. Zikopa zodula ndi za amphaka a kum'mawa kwa mapiri, kumalo ouma, a mimba yoyera yamathotho akuda. Za kuno n'zofiirira, mtengo wake sungagule chakudya cha agalu asanu. Chikopa chilichonse chotuluka m'dziko chimafunika chidindo cha pangano la CITES, limene Malawi nayenso anasaina, ndipo ku Oregon mlenje amapereka chibwano cha m'munsi cha mphaka aliyense amene wapha ku nthambi yoona za nyama kuti adziwe zaka zake.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko tinkatsika mtsetse wina kumbali imene dzuwa linali lisanafike. Msewu unakhota pa khwawa lodzaza mitengo ya alder. Ndinamva kaliwu kakang'ono, ngati chitseko cha dzimbiri. Kenaka liwu limodzi lalitali, lozama, lochokera m'mimba. Bambowo anaponda buleki mpaka khofi kutayikira pamiyendo panga.

"Agogo, wayamba ndi mwanayo!" anakuwa mtsikana uja. "Ndamumva, wayamba ndi iyeyo!"

"Mwina," anatero agogo ake akutsika. "Mwinanso wangoona mchira wa mayiyo ukugwedera."

Anamasula Mkota yekha. Iye anabwerera m'mbuyo mamita 30, mutu uli m'mwamba, kenaka anatsikira m'ngalande. Sananunkhize pansi. Anapita pa tsamba la fern lolendewera, n'kulinunkhiza pansi pake, pamwamba pake, n'kulinyambita. Mchira unayamba kukupiza. Ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene tikamafulumira kuchoka pa chulu galu wawo wokalamba akadakumba ankati galu wamkota sakandira pachabe. Mtsikana uja anagwada m'matope n'kutiitana. Phazi linali limodzi lokha, lozungulira, masentimita ngati 5, zala zinayi, lopanda zikhadabo. Phazi la galu kapena coyote limaonetsa zikhadabo, la mphaka ayi. Linkaloza kumunsi. Zimenezi n'zofunika, chifukwa agalu akhoza kutsata mapazi chobwerera, kumathamangira kumene mphaka wachokera tsiku lonse.

Anamasula Phuma, kenaka enawo. Kwa mphindi 40 panalibe liwiro. Tinaima pamsewu tikumvetsera liwu la Mkota apa ndi apo, likutsika pang'onopang'ono. Bambowo ankamasulira ngati womasulira mu tchalitchi: apo wataya, apo wapezanso, apo mphaka anakhala pansi kudikira kalulu. Mwadzidzidzi chigwa chonse chinawira. Mawu asanu anasakanikirana, afupiafupi, othamanga, akubwerezedwa ndi mapiri. Mphaka anali atadzuka pamene anagona.

Pa kachipangizo ka m'manja, mizere isanu ya mitundu yosiyana inayamba kujambula zozungulira. Bobcat sathawira kutali ngati gwape. Amazungulira m'ziyangoyango ngati kalulu, amadutsanso pa mapazi ake omwe, amayenda pamwamba pa chipika n'kudumphira kumbali, amalowa m'mulu wa nthambi zimene odula mitengo anasiya. Kawiri konse phokoso linaduka, chigwa chili zii, mizere ili balala. Ulendo woyamba amene anapezanso fungo anali Mkota. Wachiwiri mzere wa Phuma unapitirira wokha mamita 300 kulowera kolakwika, n'kubwerera mwamanyazi. Patapita pafupifupi ola, mawu anasintha. Anakhala odukaduka, ofanana, pamalo amodzi, ngati nkhwangwa ikudula mtengo.

"Wakwera," anatero bambowo.

Kachipangizo kanati mamita 600. Ndinaganiza kuti ndi ulendo wa mphindi 10. Tinatenga 45. Nkhalango ya kuno ilibe njira. Pali zitsamba zolimba zotchedwa salal zofika m'chiuno, minga ya mabulosi akuda yokola ngati waya, ndi zipika zowola zokutidwa ndi ndere, zoterera ngati sopo. Ndinaponda pamene ndinkayesa nthaka n'kumira mpaka m'ntchafu. Munthu wazaka 70 uja ankatsika chammbali, akugwira mizu, osapuma ndi pakamwa. Ine ndinafika ndili thope lokhalokha, chipewa nditachisiya paminga.

Agalu anali atazungulira mtengo wa cedar. Mkota anaika miyendo yakutsogolo pa tsinde, akuuwa mosalekeza. Phuma ankadumpha, akuluma makungwa, thovu lili kukamwa. Ndinayang'ana m'mwamba, sindinaone kanthu. Ndinazungulira mtengo katatu, khosi mpaka kuwawa. Mtsikana uja anandikokera kumtunda n'kundiuza kuti ndisafune mphaka, ndifune pamene nthambi yanenepa mosayenera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa mamita ngati 20 m'mwamba, nthambi ina inaphethira.

Mphakayo anali atagona chafufumimba, mwendo umodzi ukulendewera, nthiti zikukwera ndi kutsika mofulumira. Ndinaona ndevu za m'masaya, timawanga toyera kuseri kwa makutu, ndi kamchira kaja kakugwedera. Anatiyang'ana ndi maso achikasu opanda mantha ndiponso opanda chidwi, ngati mfumu yoyang'ana anthu aphokoso pabwalo lake. Koma kupuma kuja ndinakuona, ndipo sindingakuiwale. Nyamayo inali itathamanga kuti ipulumutse moyo. Sinkadziwa kuti kwa ife linali phunziro chabe.

Mfuti panalibe. Ku Oregon, kuyambira pa 1 Seputembala amalola kuthamangitsa bobcat ndi agalu koma osapha. Bambowo anagwada n'kusisita agalu mmodzimmodzi, akuwatamanda ndi mawu amene sindinawamve akulankhula kwa munthu aliyense tsiku lonse. Phuma anamusisita nthawi yaitali, akumuloza m'mwamba. Mtsikana anajambula zithunzi. Kenaka anawamanga zingwe, ndipo tinayamba kuwakoka kukwera phiri, iwo akukana, akucheukira kumtengo.

Tinafika pagalimoto cha m'ma 12 koloko. Mkota anamwa madzi, n'kulowa yekha m'bokosi, n'kugona. Ndinafunsa ngati tsopano Phuma wakhoza mayeso.

"Kamodzi si umboni," anatero bambowo akuchotsa minga m'khutu la galuyo. "Loweruka likudzali akwera yekha. Mayiyo tidzamutsekera pansi, bowo lotseka, kuti asamuonere. Akadzayambitsa yekha katatu, ine n'kupeza phazi katatu, ndiye ndidzati ndili ndi galu. Mayiyu watsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Akapita asanasiye wolowa m'malo, ine ndatha."

"Adzayambitsa, agogo," anatero mtsikanayo.

Pobwerera ndinawerenga pa dashibodi: makilomita 74 a msewu wa miyala, bodza limodzi, mphaka mmodzi. Mnzanga wa kuntchito uja ndinamupepesa Lolemba, chifukwa zimene ndinaseka zija ndinaziona ndi maso anga. Luso la galu ndi la mwini wake ndikulivomereza ndi mtima wonse, ndipo sindinaonepo mphunzitsi wodekha ngati mkulu ameneyu. Za mphaka uja mtima wanga sunakhazikike. Tinamusiya ali moyo chifukwa unali mwezi wa Okutobala. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, lamulo limalola kuti mlenje afike patsinde pa mtengo womwewo ali ndi mfuti.